Funsani Amakanika: kuzula injini ndi kireni yotchipa

Ndili ndi kagalaja ku Ndirande. Alamu anga andibweretsera kireni yonyamulira injini kuchokera ku Johannesburg, ija yopinda miyendo, yolembedwa kuti imanyamula matani awiri. Ndikufuna kuzula injini ya dizilo ya mtundu wa 5L mu Hilux pamodzi ndi giyabokosi. Kodi ikwanitsa?

Ikwanitsa bambo, koma za matani awiri zomwe zili pa katonizo musazitengere pamtima. Yang'anani pa mkono wa kireniyo. Pali mabowo anayi olowetsa pini, ndipo pambali pa bowo lililonse pali nambala: 2, 1.5, 1 ndi 0.5. Matani awiri aja ndi a pomwe mkono mwaubweza wonse mkati. Mukautulutsa mpaka bowo lomaliza, kireni yanu yasanduka ya makilogalamu 500 basi. Zili ngati ndowa ya madzi: mukaigwirira pafupi ndi thupi mumayenda nayo, mukatambasula dzanja imakutsitsani, chonsecho madzi ndi omwewo.

Tsono mkono waufupi sufika pakati pa injini, chifukwa jeke ya kireni imayamba yagunda bampala. Pa Hilux mudzagwira ntchito pa bowo la 0.5, mwina la 1 mukachotsa bampala ndi girilo. Injini ya 5L ndi ya chitsulo cholemera, imapitirira pang'ono makilogalamu 200, ndipo mukaphatikiza giyabokosi mwayandikira 300. Ndiye malo alipo. Amene ali ndi kireni ya tani imodzi nkhani yawo ndi ina: bowo lawo lomaliza ndi la makilogalamu 250, choncho alekanitse injini ndi giyabokosi. Chimodzimodzi injini ya 1HZ ya Land Cruiser, iyo ilekanitseni ngakhale pa kireni ngati yanuyi.

Musanaikoleke chilichonse, gwadani muone mitu ya mabawuti omwe anabwera nayo. Apa ndi pomwe opanga zinthu zotchipa amapulumutsira ndalama. Bawuti yabwino imalembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake. Mukapeza 4.8 kapena mutu wosalembedwa kanthu, sinthani yomwe yagwira mkono ku mzati, ziwiri zogwira jeke pamwamba ndi pansi, ndi yomwe yagwira tcheni ya ngowe. Kukula kwake kukhale komweko, musabowolenso chitsulo. Onaninso mowotcherera patsinde pa mzati. Penti ikasweka motsatira mzere wowotcherera, pansi pake pali mng'alu.

Miyendo itambasulidwe ndi kukhomedwa mapini onse. Ngowe isapitirire mateyala akutsogolo kwa miyendo, chifukwa ikangopitirira, kumbuyo kwa kireni kumadzuka ndipo injini imagwera pagalimoto. Koma poti mukuzula ndi giyabokosi yomwe, gulani kapena bwerekani load leveller, kachitsulo kaja kokhala ndi chopukusira chopendeketsera injini. Giyabokosi imafuna kuloza pansi kwambiri kuti ituluke m'mphako mwake, ndipo kuipendeketsa ndi manja katundu ali m'malere ndi kumene kumadula anthu zala.

Pagalaja pomwe ndikuphunzira ntchito ku Mchesi timamanga injini ndi malamba akale a m'mipando ya galimoto. Abwana akuti lamba ndi wolimba kuposa tcheni. Zoona?

Lamba watsopano ndi wolimba ndithu, abwana anu sakunama kwenikweni. Koma wanuyo wakhala padzuwa zaka, wamwa oilo ndi dizilo, mwamumanga mfundo, kenako mwamudutsitsa pa chitsulo chakuthwa. Chilichonse mwa izi chimamudya mphamvu, ndipo lamba sachenjeza, amangoti phwa.

Pezani mita imodzi ndi theka ya tcheni yonyamulira katundu, ya giredi 80, yokhuthala mamilimita 8. Imeneyi inapangidwira matani awiri. Tcheni yowala ija yotsekera geti kapena yomangira galu si yonyamulira. Mphete zake zimatseguka powotcherera.

Injini zambiri zimabwera ndi makutu awiri achitsulo pa cylinder head, lina kutsogolo lina kumbuyo mbali inayo. Kolekani pamenepo ndi ma shackle, tizitsulo tokhota ngati U totsekedwa ndi pini. Ngati makutuwo anachotsedwa, funani mabowo a bawuti ya M10 (yokhuthala mamilimita 10) pa head kapena pa buloko, mopingasa chimodzimodzi. Bawuti ikhale ya 8.8, ilowe mamilimita 15 m'chitsulo, kapena 20 ngati head ndi ya aluminiyamu, ndipo muike washala yokhuthala n'kumanga mpaka tcheni itapanikizika gwa. Bawuti yosiyidwa theka panja imapindika kenako n'kuthyoka, kapena imazula mazinga ake. Timabawuti ta M6 ta pa tappet cover, manifold ya pulasitiki ndi mapaipi a ma injector si zonyamulira.

Chomwe ambiri sachidziwa ndi kutambasuka kwa tcheni. Tinene kuti katundu ndi makilogalamu 300. Mbali ziwiri za tcheni zikapanga ngodya ya madigiri 60 pa ngowe, iliyonse ikusenza makilogalamu 173. Pa madigiri 90 ndi 212. Pa madigiri 120, pomwe tcheni yangotsala pang'ono kugona pa injini, mbali iliyonse ikusenza 300 yonse, ndipo ikukokera bawuti cham'mbali. Simufunika chopimira ngodya: mbali iliyonse ya tcheni, kuchokera pa ngowe kukafika pa bawuti, isafupike kuposa mtunda wa pakati pa mabawuti awiriwo. Koma isatalikenso mopitirira, mungapope jeke mpaka kumapeto sampu, beseni la oilo la pansi pa injini, isanadumphe chitsulo cha radiyeta.

Kireni yanga ndikapopa imakwera, koma ndikasiya injini imatsika yokha pang'onopang'ono. Ndinathiramo mafuta a mabuleki koma zangoipiraipira. Ndine wa ku Kasungu.

Mafuta a mabuleki ndi amene amaliza jeke yanu, achimwene. Masilo a jeke ndi a labala yogwirizana ndi oilo wamba, pomwe mafuta a mabuleki amaitupitsa n'kuifewetsa. Khuthulani onse, tsukani ndi oilo wa hydraulic woyera, ndipo masilo musinthe, sabwereranso mwakale.

Oilo woyenera ndi wa hydraulic wa nambala 32. Mukasowa, ATF (oilo wa giyabokosi ya automatic) yatsopano ingakuthandizeni. Oilo wa injini ndi wokhuthala, ndipo wogwiritsidwa kale ntchito ndiye woipitsitsa, chifukwa zinyalala zake zimakakhala pansi pa timipira tachitsulo ta mavavu, mafuta n'kumabwerera. Kutsika kokha kumayambira pamenepo kawirikawiri, kapena pa silo ya pisitoni yomwe yatha.

Pothira, tsitsani mkono mpaka pansi, jeke ili chiimire, zulani kachitsekero kalabala ka m'mbali, thirani mpaka oilo afike pakamwa pa bowolo. Kenako tsegulani vavu yotsitsira, popani ka 10 kapena ka 15 kuti mpweya utuluke, tsekani. Poyesa, nyamulani injini masentimita asanu okha, lembani mzere ndi choko pa mkono ndi pa khoma kapena pa ndodo yoimika pambali, dikirani mphindi khumi. Mzere ukasuntha, musaigwiritse ntchito. Vavuyo musamaimange ndi paipi yaitali. Mumawononga pokhalira kampira kake, ndipo ikatero idontha mpaka kalekale. Potsitsa katundu, itsegulani pang'ono zedi, osaizungulitsa ngakhale kota, chifukwa pa jeke zotchipa pakati pa "sikutsika" ndi "yagwa" pali kampata kochepa.

Ine ndimakonzera pabwalo ladothi pansi pa mtengo wa mango ku Balaka. Ndigule kireni kapena ndipitirize ndi chain block yomangirira ku nthambi?

Kireni inapangidwira simenti yosalala. Timateyala take tachitsulo timatitimira m'dothi, ndipo mwendo umodzi ukalowa pansi, mzati umapendekeka. Ngati mugula, yalani matabwa okhuthala mainchesi awiri pansi pa mwendo uliwonse, kireni isasunthe, m'malo mwake mukankhe galimoto kubwerera kumbuyo injini ikakwera.

Nthambi ya mango sitikuvomerezani. Mkati mwake simuonamo, chiswe chimadya osaoneka kunja. Chain block yanuyo ndi yabwino. Iwotcherereni nsanja ya miyendo itatu ya mapaipi okhuthala, mumange miyendoyo ndi tcheni pansi kuti isatakasuke, ndipo pansi pa mwendo uliwonse muike thabwa.

Ndamasula maunting'i onse a Probox ya automatic, koma ndikapopa galimoto ikukwera limodzi ndi injini. Chalakwika n'chiyani?

Lekani kupopa. Galimoto ikamakwera ndiye kuti kireni ikusenza zonse ziwiri, ndipo chomwe chagwiracho chikathyoka injini idzadumpha. Tsitsani muyambe kufufuza ndi tochi. Zomwe zimaiwalika ndi bawuti imodzi yobisika kumbuyo kwa bellhousing (chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini), bulaketi ya ekizozi, ndi waya wa earth wochokera pa injini kupita ku bodi.

Poti ndi automatic, kodi mwamasula mabawuti a torque converter, chitsulo chozungulira chomwe chimatenga mphamvu ya injini kupita nayo ku giyabokosi? Amafikika pochotsa kachivundikiro ka pansi pa bellhousing, mukuzungulitsa crankshaft ndi sipanala kuti abwere imodziimodzi. Converter itsalire ku giyabokosi. Ikatsatira injini, oilo amakhuthuka, silo imang'ambika, ndipo pobwezera ikapanda kukhala bwino m'malo mwake, mumaphwanya pampu ya giyabokosi pomanga mabawuti. Giyabokosiyo ikhale pa jeke yake yokhala ndi thabwa pamwamba.

Pa timagalimoto tokokera kutsogolo ngati Probox ndi Sienta malo ndi ochepa, moti nthawi zambiri n'kwapafupi kuchotsa ma driveshaft n'kutsitsira pansi injini ndi giyabokosi pamodzi, galimoto ili pa ma stand, osati pa njerwa. Mukasankha kutulutsira pamwamba, kwezani masentimita awiri kapena atatu, imani, zungulirani muone mawaya ndi mapaipi, kenako mupitirize. Ikangodumpha bodi, itsitseni mpaka itatsala pang'ono kukhudza miyendo ya kireni musanayambe kukoka, ndipo kokerani pa mzati, osati pa injini. Mukafika, ikhazikeni pa tayala lakale, sampu ili pakati pa bowo, isagone usiku ili lende pa jeke.