Kodi makadi a tarot anachokeradi ku Egypt wakale?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino ali ku Johannesburg wandilembera imelo yofunsa za makadi a tarot. Akuti anawaona m'sitolo ya mabuku, ndipo wogulitsa anawauza kuti makadiwo ndi buku la ansembe a ku Egypt wakale limene linabisidwa m'zithunzi. Iwo akufuna kudziwa ngati zimenezi zili zoona, komanso tanthauzo la zithunzi zochititsa mantha zija za Imfa, Mdyerekezi ndi munthu wopachikidwa chadodolido.

Zikomo kwambiri, Mayi, chifukwa cha funso lanu. Wogulitsayo sanapeke yekha nkhaniyo, pakuti yakhala ikubwerezedwa m'mabuku kuyambira mu 1781, koma si yoona. Makadi a tarot anabadwira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440 ngati masewera a mafumu ndi anthu olemera, ndipo panadutsa zaka pafupifupi 300 munthu asanaganize zoombezera nawo. Choncho khadi lililonse lili ndi matanthauzo awiri osiyana msinkhu: limene wojambula woyamba ankafuna kuonetsa, ndi limene anthu okonda nzeru zobisika a ku France ndi ku England anasanjikizapo pambuyo pake. Munthu akasakaniza awiriwa, nkhani yonse imasokonekera.

Chodabwitsa n'chakuti Egypt alimo ndithu m'nkhaniyi, koma si Egypt wa Farao. Makadi wamba osewerera anafika ku Ulaya cha m'ma 1370 kuchokera ku Egypt wa Asilamu, amene pa nthawiyo ankalamulidwa ndi mafumu a Mamluk. Anali ndi magulu anayi: zikho, ndalama zachitsulo, malupanga ndi ndodo zosewerera polo (masewera omenya mpira munthu ali pakavalo), zimene Azungu, posadziwa masewerawo, anazijambula ngati zibonga wamba. Ena mwa makadi akale amenewa akusungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Topkapı mumzinda wa Istanbul. Chimene anthu a ku Italy anachita ndi kuwonjezerapo gulu lachisanu la makadi azithunzi okwana 21, otchedwa trionfi, pamodzi ndi khadi limodzi la Chitsiru lopanda nambala. Magulu anayi aja anali ndi makadi 14 lililonse, kuyambira 1 mpaka 10, kenako mnyamata wantchito, msilikali wapakavalo, mfumukazi ndi mfumu, ndipo mukawerengera onse pamodzi akukwana 78. Zolembedwa zakale kwambiri zotchula makadiwa ndi za mu 1440 ku Florence ndi za mu 1442 ku nyumba yachifumu ya ku Ferrara. Makadi otchuka a banja la Visconti ndi Sforza a ku Milan, opentedwa pamanja ndi kukutidwa ndi golide, lero ambiri ali ku Morgan Library ku New York ndi ku Accademia Carrara ku Bergamo.

Lamulo la masewerawo ndilo limatsegula tanthauzo loyambirira la zithunzizo. Khadi la trionfi linkadya khadi lililonse la magulu anayi aja, ndipo la nambala yaikulu linkadya la nambala yaing'ono. Tsono taonani mmene anawandandalikira. Pansi penipeni pali munthu wochita zamatsenga apamsika, wopusitsa anthu ndi tizikho ndi timipira. Pamwamba pake pali olamulira a dziko, mpaka kufika pa Mfumu Yaikulu (Emperor) ndi Papa. Kenako pakubwera zimene zimagwera munthu aliyense, wamkulu kaya wamng'ono: chikondi, galeta la wopambana pa nkhondo, gudumu la mwayi limene limakweza ena n'kugwetsa ena, ukalamba, ndi Imfa. Pamwamba pa Imfa pali Mdyerekezi, nsanja yokanthidwa ndi mphezi, nyenyezi, mwezi, dzuwa, mngelo woliza lipenga la chiweruzo, ndi Dziko. Pakati pa zonsezi anaikamo makhalidwe atatu abwino, omwe ndi Kudziletsa, Mphamvu ndi Chilungamo. Mkhristu aliyense wa ku Italy wa nthawi imeneyo akanauwerenga ulaliki umenewu mosavuta, chifukwa zithunzi zomwezo zinali pa makoma a matchalitchi: Imfa imagonjetsa ngakhale Papa, koma kuuka kwa akufa kumagonjetsa Imfa.

Munthu wopachikidwa chadodolido amene wakudetsani nkhawa uja nayenso sanali chinsinsi. M'mizinda ya ku Italy, munthu wopereka anzake kwa adani ankamujambula pa khoma la pagulu atapachikidwa ndi phazi limodzi, kuti achite manyazi ngakhale atathawa, ndipo m'madera ena khadili linkangotchedwa Wachiwembu. Nkhalamba imene lero imanyamula nyali poyamba inkanyamula kabotolo ka mchenga koyezera nthawi, chifukwa inkaimira Nthawi imene imadya zonse. Mfundo ina yoti muisunge, chifukwa tiifuna kutsogoloku, ndi yakuti mizinda ya Milan, Ferrara ndi Bologna inkasiyana pa kandandalikidwe ka makadiwa. Ndipo pamene mlaliki wina wa ku Italy anawadzudzula mu ulaliki wake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, chimene chinamukwiyitsa chinali njuga, osati kuombeza.

Masewerawa anafalikira ku France ndi ku Switzerland, ndipo osindikiza anakhazikika pa kajambulidwe kamene lero kamatchedwa Tarot de Marseille, monga makadi a Nicolas Conver a mu 1760. Makadi a mtundu umenewu ndiwo anaona Antoine Court de Gébelin, m'busa wa Chipulotesitanti komanso membala wa gulu lachinsinsi la Freemason, atapeza anthu akusewera m'nyumba ya mnzake ku Paris. Malinga ndi zimene iye mwini analemba mu voliyumu 8 ya buku lake lotchedwa Le Monde primitif mu 1781, anangowayang'ana kwa kanthawi kochepa n'kuzindikira kuti ndi Buku la Thoth, mulungu wa nzeru wa ku Egypt. Umboni analibe, ndipo sakanakhala nawo, chifukwa pa nthawiyo panalibe munthu wodziwa kuwerenga zilembo za ku Egypt wakale. Katswiri wa ku France dzina lake Champollion anadzazimasulira mu 1822, ndipo m'zolembedwazo simunapezeke tarot. Kulimba mtima kwa m'busayu kumandisangalatsa: poona kuti wopachikidwa uja sakugwirizana ndi maganizo ake, ananena kuti osindikiza ndiwo analakwitsa, n'kumutembenuza kuti aimirire ndi mwendo umodzi. M'buku lomwelo munalinso nkhani ya Comte de Mellet, amene anagwirizanitsa makadi 22 azithunzi ndi zilembo 22 za Chiheberi. Posakhalitsa Jean-Baptiste Alliette, amene kale ankagulitsa mbewu ndipo ankadzitcha Etteilla potembenuza dzina lake, anasandutsa maganizowa kukhala malonda, ndipo cha m'ma 1789 anatulutsa makadi oyamba opangidwira kuombeza.

Amene anamanga nyumba yeniyeni pa maziko amenewa ndi Éliphas Lévi, dzina lake lenileni Alphonse-Louis Constant, yemwe anaphunzira zaunsembe wa Chikatolika mpaka kufika pa udikoni koma n'kusiya. M'buku lake la Dogme et Rituel de la Haute Magie, lotuluka pakati pa 1854 ndi 1856, analumikiza tarot ndi Kabbalah, chiphunzitso chachinsinsi cha Ayuda. Amene mumawerenga Baibulo mukudziwa kuti Salimo 119 lili ndi zigawo 22, chilichonse pa chilembo chimodzi cha Chiheberi. Mu Kabbalah zilembo zimenezi zimatengedwa ngati zida zimene Mulungu analengera dziko, ndipo palinso masitepe 10 otchedwa sefirot, amene kuwala kwa Mulungu kumatsikira nawo ku chilengedwe. Lévi anaona kuti manambala akugwirizana mochititsa kaso: makadi 22 pa zilembo 22, makadi a nambala 1 mpaka 10 pa masitepe 10, ndiponso magulu anayi pa zilembo zinayi za dzina la Mulungu. Kugwirizana kwa manambala kumakopa mtima, koma si umboni, ndipo palibe mphunzitsi wa Chiyuda wa Kabbalah wakale amene anatchulapo makadi amenewa.

Mu 1888 ku London kunakhazikitsidwa gulu lachinsinsi la Hermetic Order of the Golden Dawn, lotsogoleredwa ndi William Wynn Westcott, Samuel Liddell MacGregor Mathers ndi William Robert Woodman. Iwowa anatenga buku lakale la Chiyuda la Sefer Yetzirah, limene limagawa zilembo 22 zija patatu: zitatu za mpweya, madzi ndi moto, 7 za mapulaneti, ndi 12 za magulu a nyenyezi amene okhulupirira nyenyezi amagawira chaka. Motero khadi lililonse linalandira chilembo chake, pulaneti kapena gulu lake la nyenyezi, ndi njira yake pa chithunzi chotchedwa Mtengo wa Moyo. Zibonga zinakhala moto, zikho madzi, malupanga mpweya, ndipo ndalama zinakhala dothi.

Apa ndi pamene ndimaona kuti chinsinsi chonsechi chinamangidwa ndi manja a anthu. Lévi anapereka chilembo choyamba, Aleph, kwa wamatsenga wa nambala 1, ndipo Chitsiru anachilowetsa pakati pa 20 ndi 21. A Golden Dawn anaika Chitsiru patsogolo n'kuchipatsa Aleph, zimene zinasuntha pafupifupi khadi lililonse ndi chilembo chimodzi, moti tanthauzo lobisika la khadi ku Paris linasiyana ndi la khadi lomwelo ku London. Atatero anakumana ndi vuto lina. Khadi la nambala 8, Chilungamo chonyamula sikelo, linagwera pa gulu la nyenyezi la Mkango, pamene la nambala 11, mkazi wogwira mkango kukamwa, linagwera pa gulu la Sikelo. Iwo sanakayikire chiphunzitso chawo. Anangosinthanitsa makadi awiriwo. Aleister Crowley, yemwe anakhalapo membala wa gululi ndipo makadi ake anapentedwa ndi Lady Frieda Harris pakati pa 1938 ndi 1943, anadzasinthanso zilembo za makadi ena awiri. Mukakumbukira kuti ngakhale ku Italy komweko mizinda inkasiyana kandandalikidwe, muona kuti panalibe dongosolo limodzi loyambirira limene akanalibwezeretsa.

Makadi amene munaona m'sitolo muja mwina ndi a mu 1909, kapena ena otengera pa amenewo, chifukwa ndiwo afala kwambiri m'maiko olankhula Chingerezi. Anawakonza ndi Arthur Edward Waite, membala wa Golden Dawn amene iye mwini ankakana nkhani ya Egypt, ndipo anawajambula ndi Pamela Colman Smith, mayi wobadwira ku London amene anakulirako ku Jamaica. Wamatsenga wapamsika uja anasanduka mfiti yophunzira yoloza kumwamba ndi dzanja limodzi ndi pansi ndi linalo, kusonyeza chiphunzitso chakuti zapansi zimafanana ndi zakumwamba. Papa wamkazi wa makadi akale anasanduka wansembe wamkazi wokhala pakati pa zipilala ziwiri zolembedwa B ndi J, zomwe ndi Boazi ndi Yakini za pa kachisi wa Solomo pa 1 Mafumu 7:21, zizindikiro zimene a Freemason amazikonda. M'makona a gudumu la mwayi muli munthu, chiwombankhanga, mkango ndi ng'ombe, zamoyo zinayi za m'masomphenya a Ezekieli ndi a m'buku la Chivumbulutso. Mdyerekezi wa nyanga za mbuzi anatengera pa chithunzi cha Baphomet, fano la mutu wa mbuzi, chimene Lévi anajambula, ndipo maunyolo a m'khosi mwa anthu awiri omangidwa pamapazi ake ndi otakasuka moti akanatha kuwavula okha. Imfa yakwera kavalo woyera, mfumu ili gone pansi ndipo bishopu akupembedzera. Oombeza ambiri a masiku ano amati khadili limanena za kutha kwa chinthu china ndi kuyamba kwa china. Wopachikidwa uja anamupatsa nkhope yodekha ndi kuwala kuzungulira mutu, ndipo wachiwembu wakale anasanduka munthu wodzipereka nsembe kuti apeze nzeru.

Ntchito yaikulu ya Smith, m'kuona kwanga, ili pa makadi ang'onoang'ono. Kale khadi la malupanga 10 linkangokhala ndi malupanga 10 basi, koma iye anajambulapo munthu wogona chafufumimba malupangawo atamubaya kumsana, ndipo anachita chimodzimodzi ndi makadi onse a manambala, pothandizidwa ndi zithunzi za makadi akale a Sola Busca a mu 1491 zimene zinali ku British Museum. Kuyambira pamenepo munthu wosadziwa Chiheberi kapena nyenyezi ankatha kuyala makadi n'kusimbapo nkhani, ndipo ndikukhulupirira kuti ichi ndicho chinafalitsa tarot kuposa mabuku onse a Kabbalah. Smith analandira ndalama zochepa, anamwalira ali ndi ngongole ku Cornwall mu 1951, ndipo kwa zaka zambiri makadiwo ankadziwika ndi dzina la Waite ndi la kampani yosindikiza ya Rider.

Za mphamvu yolosera zam'tsogolo, palibe umboni wakuti makadi osakanizidwa amadziwa kanthu. Zithunzizo n'zotakata moti munthu aliyense wamavuto amadzipezamo, monga zimakhalira kwa woombeza ula amene amamvetsera bwino wobwera kudzafunsa. Mipingo ikuluikulu ya Chikhristu imakana kuombeza kwa mtundu uliwonse potengera Deuteronomo 18:10-12. Mbiri yeniyeni ya makadiwa inafukulidwa makamaka ndi Michael Dummett, pulofesa wa ku Oxford, m'buku lake la mu 1980, ndipo mpaka lero ku France, ku Austria ndi ku Bologna anthu amasewera tarot ngati masewera wamba, mopanda kuganizira za mizimu.

Mukadzapitanso m'sitolo muja, Mayi, pemphani kuona khadi la nambala 8. Mukapezapo mkazi ndi mkango, makadiwo ndi a mzere wa Waite ndi Smith; mukapezapo sikelo, ndi a mzere wa Marseille kapena wa Crowley. Ngati ali a Smith enieni, yang'anani m'munsi mwa zithunzizo, muona kachizindikiro kopiringizana ka zilembo P, C ndi S kamene ankasainira.