Kwa achemwali ofunsa za kafukufuku wa tizirombo ta m'magazi

Achemwali, mwafunsa ngati digiri yanu ya zamulabu ingakufikitseni pa ntchito yofufuza tizirombo ta m'magazi, komanso ngati munthu amadya nayo. Ndiyankhe ine amene maso anafiira kalekale ndi maikulosikopu.

Kuyeza malungo ndi kufufuza malungo n'zosiyana. Woyeza amapaka dontho la magazi pa silaidi, kuthira Giemsa (mankhwala opatsa tizirombo mtundu kuti tioneke), kuwerenga tizirombo, basi. Wofufuza amafunsa kuti: ana awiri ali ndi kachirombo ka malungo kofanana, Plasmodium falciparum, nanga bwanji wina akusewera phada pabwalo, mnzake wakomoka? Funso limeneli lameretsa anthu imvi ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Blantyre. Madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayambitsa Blantyre Malaria Project mu 1986, ndipo Blantyre Coma Scale, yoyezera kukomoka kwa mwana, inabadwira komweko. Zoti maselo ofiira okhala ndi kachirombo amamatirira m'timitsempha ta mu ubongo zinkadziwika, koma chenicheni chimene chimapha mwana chinali chobisika. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, anafika mu 2008, yankho n'kudzatuluka mu 2015: ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Werengani nokha zakazo kuchokera 1986. Ngati muli aphuma, ntchitoyi ikuwawani.

Polowera ndi pomwe ambirife tinalowera: kuthandizira pa kafukufuku wa ena, kaya ku MLW (bungwe la kafukufuku la Malawi Liverpool Wellcome) kaya ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu), kenako masters, PhD, n'kumadzapempha ndalama za kafukufuku wanuwanu. Posankha, yang'anani kwambiri munthu wokuyang'anirani kuposa dzina la sukulu. Funsani ophunzira ake akale, mwakachetechete, ngati amawerenga zimene amamutumizira.

Kudya nayo amadya, koma ndi ya makontirakiti. Giranti (ndalama za kafukufukuyo) ikatha, inunso mwatha. Ine ndinakhalapo miyezi ingapo pakhomo, achibale akundiyesa dokotala wa ndalama. Chimene chinandibwezera pa ntchito si luso la maikulosikopu ayi, koma kudziwa statistics ndi kulemba. Yambani kuphunzira R, pulogalamu ya pa kompyuta yochitira statistics, lero lomwe.

Komanso musathamangire malungo okha chifukwa aliyense ali kumeneko. Kaodzera, wofalitsidwa ndi kashembe, akadalipo ku Rumphi ndi ku Nkhotakota, ndipo omufufuza ndi owerengeka. Kachirombo kake kamasinthasintha chovala chake cha kunja kuti chitetezo cha m'thupi chisakazindikire. Tsiku limene mudzakaone kakuphiriphitha pakati pa maselo ofiira, kali kamoyo, mudzaiwala nkhomaliro.