Awauza asadye, nanga insulini ndiwabaye?

FUNSO: Amuna anga ali ndi matenda a shuga, ndipo ndine ndimawabaya insulini m'mawa ndi madzulo. Lachiwiri likubwerali akawachita opaleshoni ya mwendo, ndiye atiuza kuti asadzadye kanthu kuyambira pakati pa usiku. Kodi m'mawa mwake ndidzawabaye kapena ayi?
Mayi wa ku Chitakale, Mulanje

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa tsiku lisanafike. Musakabaye monga mwa masiku onse, komanso musakangosiya mwa inu nokha. Mulingo wa tsikulo aulembe adokotala, ndipo muufunse tsiku lomwe akugonekedwa, osati m'mawa wa opaleshoni.

Tengani mabotolo onse mukaonetse, poti insulini sali wofanana. Wina woyera ngati madzi, monga Actrapid, ndi wa chakudya: munthu akapanda kudya sabayidwa. Koma si woyera aliyense amene ali wa chakudya. Wambuu ngati mkaka uja amagwira pang'onopang'ono, ndipo thupi limamufunabe ngakhale m'mimba mulibe kanthu! Ameneyo kawirikawiri amangomuchepetsa, nthawi zina ndi theka. Kumusiyiratu, makamaka kwa amene shuga adawayamba ali ana, magazi amadzaza asidi, munthu n'kuyamba kusanza ndi kupuma mwabefu.

Ndikunena izi chifukwa ndidaziona ndikugwira ntchito ya unamwino usiku. Gadiyani wina, mwachikondi ndithu, adabaya agogo ake mulingo wonse mbandakucha, poopa kudumphitsa. Pomwe ndimafika pabedi n'kuti pilo atanyowa ndi thukuta, manja akunjenjemera, agogowo akuitana anthu omwe panalibe. Kamakina kadaonetsa shuga atatsikiratu. Tidawaika shuga wa mumtsempha, n'kutsitsimuka, koma opaleshoni idalephereka tsikulo. Mpaka lero mtima umandipweteka, chifukwa ife ndife tidalephera kumufotokozera mwanayo madzulo ake.

Ndiye gwirani nambala iyi: shuga akatsika pansi pa 4, kapena pansi pa 70 pa makina owerenga manambala akuluakulu, ndi ngozi. Mukaona thukuta, kunjenjemera kapena kubwebweta, thamangirani anamwino, ngakhale ili 2 koloko usiku. Musawamwetse thobwa kapena tiyi mobisa. Chakudya chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo atawagonetsa.

Pemphaninso kuti aziwayeza shuga pafupipafupi ndi kuti akhale oyamba kulowa m'fiyeta. Nthawi ikatalika akudikira, funsani za dilipi ya shuga. Akadzatuluka, insulini wa chakudya uja abwerere pokhapokha atayamba kumeza phala osasanza.