Mwana anaotchedwa manja, wa boma anangobwera kamodzi: tikadandaule kwa yani?

FUNSO

Zikomo Azakhali. Ine ndimagulitsa tomato ndi mandasi pamsika wa kwathu. Kuseri kwa nyumba yanga kumakhala kamtsikana ka zaka 9, mayi ake anamwalira ndipo akukasunga ndi amalume ake. Mwezi wa June akazi a amalumewo anakakanikiza manja pa mbaula ati chifukwa kanadya ndiwo zausiku. Ine ndi mnzanga wa ku Mvano tinakanena kwa mlangizi woteteza ana wa m'dera lathu. Anabwera patapita masiku, nakhala pakhonde ndi banjalo pamodzi ndi a mfumu, nkhani n'kuthera pa kupepesana. Titamupempha kuti adzaonenso mwanayo, anati njinga ilibe mafuta, tisonkhe. Pano mwanayo sakupita kusukulu ndipo usiku timamva kulira. Kodi anthu amenewa amawayang'anira ndani? Mwanayu akafa, mlandu ukhala wa yani?

Mayi wodandaula

YANKHO

Achemwali, za mlangiziyo tikamba, koma tiyambe ndi mwanayo chifukwa iye sangadikire kuti makalata ayende.

Mawa lomwe lino pitani kupolisi yapafupi mukafunse nthambi ya Victim Support, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Kanenani zomwe munaona ndi maso anu, tsiku lake, ndi zomwe mukumva usiku. Apolisi ndi amene amatumiza mwana kuchipatala kuti akapimidwe, ndipo lipoti la dokotala ndilo limalankhula kukhoti. Musade nkhawa kuti papita nthawi: zipsera za moto sizifufutika msanga, ndipo wachipatala amaona yekha kuti chilonda sichinasamalidwe. Ngati kupolisi n'kutali, imbani 116. Ndi nambala yaulere yothandiza ana, imene amayendetsa a YONECO, ndipo iwo amalumikizana ndi apolisi komanso ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.

Pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka mphamvu kwa wapolisi, wa ofesi ya zachisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba ngati inu, yochotsa mwana pamalo pomwe akuzunzidwa n'kumuika pabwino. Koma lamulo lomwelo likuti mwanayo aonekere ku bwalo la milandu ya ana pasanathe maola 48, kuti bwalolo ligamule kumene akakhale. Ndiye musangomutenga usiku n'kumubisa kwanu, amalumewo angakunenereni kuti mwaba mwana. Dzerani kupolisi kapena kwa a mfumu, zilembedwe.

Tsopano za pakhonde paja. Kupepesana kuli ndi malo ake. Mbuzi zikadya chimanga cha mnzako, inde, khalani pansi ndi a mfumu mumalize. Kuotcha mwana ndi mlandu wa boma, ndipo mlangizi alibe mphamvu youthetsa ndi kugwirana chanza. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza mwana ku chilango kapena nkhanza zoononga thanzi lake, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Chimene mlangiziyo anayenera kuchita n'chodziwika: kucheza ndi mwanayo payekha, osati pamaso pa omwe anamuotcha, kudzaza fomu ya nkhani yake, kumutumiza kuchipatala ndi kupolisi, kudziwitsa akuluakulu ake, n'kubweranso kudzaona ngati ali bwino. Kamwana ka zaka 9 kofunsidwa kuti "wakhululuka?" amalume ake akukayang'ana m'maso, kangayankhe chiyani?

Za mafutazo sindinganene kuti ananama. Alangizi ambiri oteteza ana m'midzi ndi ongodzipereka, ena salandira kanthu pakutha pa mwezi, ndipo ofesi zambiri zapaboma zimadalira galimoto za mabungwe kuti ziyende. Ndimawamvera chisoni ndithu. Koma kusowa kwa mafuta sikumuletsa munthu kuimba foni kwa bwana wake kapena kulemba kakalata kotumiza nkhani kupolisi. Musasonkhe ndalama. Chithandizo chimenechi n'chaulere, ndipo mukayamba kusonkha, ndiye kuti mwana wokhala pafupi ndi anthu osauka sadzathandizidwa. Wogwira ntchito m'boma akachita kunenetsa kuti sagwira ntchito yake mpaka mumupatse kangachepe, imeneyo ndi nkhani ya a Anti-Corruption Bureau, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

Amawayang'anira ndani? Mlangizi wa m'dera amayankha kwa mkulu wa ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma. Mkuluyo ali pansi pa khonsolo, kutanthauza bwanamkubwa, ndipo pamwamba pawo pali unduna woona za amayi, ana ndi chisamaliro cha anthu ku Lilongwe. Onsewa akagona, pali ofesi ziwiri zoima pazokha zomwe malamulo aakulu a 1994 anakhazikitsa: ya Ombudsman, yomwe imafufuza ofesi za boma zikalephera kapena kuzengereza ntchito, ndi Malawi Human Rights Commission, yomwe imalandiranso madandaulo okhudza ufulu wa ana. Konseku simulipira.

Koma apa ndi pamene ambiri timagwera. Timadandaula pakamwa. Timakumana ndi munthu pamsika, tamuuza, iye wagwedeza mutu, basi. Tsiku lomwe zinthu zavuta, aliyense amati sanamve, ndipo palibe chomugwira nacho. Wantchito wa boma amafunsidwa potengera zomwe zinalembedwa. Choncho lembani kalata, m'Chichewa momwemu, pamanja palibe vuto. Ikanimo tsiku lomwe mwana anavulazidwa, tsiku lomwe munakanena ndi kwa yani, tsiku lomwe anabwera, zomwe zinachitika pakhondepo, ndi mawu a zamafuta aja monga momwe anawanenera, osawonjezera mchere. Musamutukwane, musamuweruze, masikuwo adzalankhula okha. Mulembe makalata awiri ofanana, mnzanu wa ku Mvano asainenso. Imodzi musiye ku ofesi yapaboma, inayo akudindireni chidindo ndi tsiku mubwere nayo. Mufunse dzina la amene wailandira. Pakatha sabata popanda kanthu, kalata yomweyo ipite kwa bwanamkubwa, kenako kwa Ombudsman.

Fayilo ya mwanayo sangakuonetseni, ndipo pamenepo akulondola, ndi yachinsinsi. Koma muli ndi ufulu wofunsa ngati nkhaniyo inalembedwa ndiponso ngati mwanayo anaonedwa ndi dokotala. Mafunso awiri amenewo amadzutsa ofesi.

Mwafunsa kuti akafa mlandu ukhala wa yani. Ndikuuzeni za Victoria Climbié, mtsikana wa zaka 8 wochokera ku Ivory Coast amene anamwalira ku London mu February 2000 atazunzidwa ndi wachibale amene ankamusunga pamodzi ndi chibwenzi cha wachibaleyo. Awiriwo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Koma nkhani sinathere pamenepo, chifukwa mwanayo ankadziwika kale ndi a zachisamaliro cha anthu, apolisi ndi zipatala ziwiri. Kafukufuku amene anatsogolera Lord Laming, yemwe lipoti lake linatuluka mu 2003, anapeza kuti panali mipata yosachepera 12 yoti mwanayo apulumutsidwe. Sanangodzudzula wantchito wamng'ono amene ankayendera mwanayo. Anadzudzula kwambiri mabwana amene anamusenzetsa nkhani za ana ambiri osamuyang'anira, kenako n'kumati iwo sankadziwa. Zotsatira zake, dziko la Britain linakonza lamulo latsopano la ana mu 2004. Zonsezi zinatheka chifukwa panali mapepala osonyeza amene anauzidwa ndi tsiku lake. N'chifukwa chake ndikuti kalata yanu ipite kwa bwana wa mlangiziyo: ikafika pa desiki yake, naye walowa m'nkhaniyi ndipo sangadzanene kuti sanamve.

Inunso lamulo la 2010 lija limakukhudzani. Limalamula achibale, osamalira ana, achipatala ndi anthu a m'mudzi kuti akaona mwana akuzunzidwa anene, ndipo kukhala chete ndi mlandu. Inu munanena, mwachita bwino. A mfumu aja nawo ayenera kukumbutsidwa mwaulemu kuti udindo wawo unali kutumiza nkhaniyi kutsogolo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: musajambule manja a mwanayo n'kuponya pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Ndikudziwa kuti zikatero mabwana amathamanga, koma chithunzicho chidzamutsata mwanayo mpaka kukula, ndipo amene amapsa mtima nacho ndi omwe akugona naye nyumba imodzi usiku umenewo. Ngati muli ndi zithunzi, kapatseni wapolisi wofufuza.

Mukachoka kupolisi mudzerenso kusukulu kwake. Aphunzitsi aakulu ali ndi kaundula wosonyeza tsiku lomwe mwanayo anasiya kubwera, ndipo amayi a Mother Group angathe kumakamuzonda kunyumba popanda wina kuwaletsa. Tsiku limenelo muliikenso m'kalata yanu.

Azakhali