Mphaka wanga akungochima mumchenga, kodi wadzimbidwa?

Funso: Zikomo a dokotala. Ndili ndi mphaka wamphongo wa zaka 3, kuyambira dzulo madzulo akungopitapita pabokosi lake la mchenga, amanyonyomala nthawi yaitali akuchima mpaka kulira koma palibe chikutuluka, kenako nkumadzinyambita kumaliseche. Lero wakana chakudya. Anzanga akuti wadzimbidwa ndingomumwetsa mafuta ophikira. Nditani? — Wodandaula

Yankho: Mafutawo asiyeni kaye, nyamulani mphakayo mupite naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe, osati mawa ayi. Zomwe mwalongosolazi ine sizikundimvekera ngati kudzimbidwa, zikumveka ngati njira ya mkodzo yatsekeka, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi chifukwa mphaka wokanika kukodza ndi wokanika kuchita chimbudzi amachima mofanana kwambiri.

Amphaka amphongo ndi amene vutoli limawapeza kawirikawiri poti kanjira kawo ka mkodzo nkatali komanso kopapatiza, ndiye timiyala tating'ono ngati mchenga kapena zamamina zochokera mchikhodzodzo zimangotseka basi. Mkodzo ukasowa kotulukira chikhodzodzo chimafufuma nkulimba gwa, impso zimasiya kugwira ntchito, zoipa zimadzadza mmagazi ndipo mchere wa mmagazi wotchedwa potaziyamu umakwera mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima, moti pamasiku 2 kapena 3 okha mphaka atha kufa. Akayamba kusanza ndi kungogona ali lefu ndiye kuti zafika poipa.

Musiyanitsa bwanji? Pitani mukafukule mchenga uja. Ngati mwapeza chimbudzi cha dzulo kapena lero koma mchenga uli gwa wouma, kapena pangonyowa timadontho mwina tamagazi, vuto ndi mkodzo. Mphaka wodzimbidwa amakodza bwinobwino, chimene chimasowa ndi chimbudzi, ndipo chikatuluka chimakhala tizibulungwa touma ngati timiyala, nthawi zina mukhala ubweya umene amameza podzinyambita. Onaninso makhalidwe ake, pokodza amatsitsa matako pafupi ndi mchenga, pochita chimbudzi amapinda msana nkukwezako pang'ono. Koma mukakayika ingotengani ngati ndi mkodzo, makamaka poti wanuyu ndi wamphongo.

Chonde musamufinye pamimba kuti mkodzo utuluke, chikhodzodzo chitha kuphulika. Musamupatsenso Panado kapena mankhwala alionse okhala ndi paracetamol, kwa mphaka ameneyo ndi poizoni weniweni ngakhale kachidutswa chabe. Mafuta omwetsa mokakamiza aja amatha kutsamwa nawo nkulowa mmapapo, ndipo mankhwala a anthu opopera kumatako nawonso ena amapha amphaka. Anzanuwo amafuna kuthandiza ndithu koma apapa ayi.

Kuchipatala akamugoneka ndi jekeseni nkulowetsa kapaipi kotsegula njirayo, amamuikanso dripi ndipo nthawi zambiri amamusunga masiku angapo. Mudziwiretu kuti vutoli limakonda kubwereranso, ndiye akabwera kunyumba nkhani yaikulu ndi madzi. Chakudya chouma cha mpaketi chimakhala ndi madzi pafupifupi 10 peresenti pomwe chofewa cha mchitini chimafika 70 mpaka 80, ndipo mphaka mwachibadwa ndi waulesi pakumwa, choncho muikireni madzi oyera malo angapo, kutali pang'ono ndi mbale yodyera. Mchenga muziuyeretsa tsiku ndi tsiku poti mphaka akaona pauve amasunga mkodzo. Kunenepa kwambiri ndi nkhawa, monga kusamuka nyumba kapena kubwera kwa mphaka wina, zimathandiziranso kuyambitsa matendawa.

Zikapezeka kuti wangodzimbidwadi, chabwino, dokotala akupatsani mankhwala ofewetsa chimbudzi oyenera mphaka. Mphaka wathanzi amachita chimbudzi pafupifupi tsiku lililonse, akadutsa masiku 2 osachita nayenso ngofunika kukaonedwa.