Kodi boma la kuno limateteza Mmalawi waulumali? Yankho kwa mayi a ku Berea

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena akwathu amene amakhala ku Berea, mumzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa, ndipo andilola kuti ndiwayankhe pano popanda kutchula dzina lawo. Bambo akunyumba kwawo anachita ngozi ya galimoto chaka chatha, ndipo tsopano amayenda pa njinga ya anthu aulumali. Asanavulale ankagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka pakampani ina, koma atachira n'kubwererako, abwana anawauza kuti ofesi ili pamwamba, masitepe sangawathe, choncho akhale kaye kunyumba, adzawaitana. Papita milungu itatu osaitanidwa, ndipo malipiro anaima. Kumene amakhalako, pansanjika yachinayi, chikepe chinafa kalekale. Funso lawo ndi ili: "Kodi boma la kuno lili ndi ofesi imene imakakamiza anthu kulemekeza ufulu wa aulumali? Nanga ife obwera timawerengedwa?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene limagwetsa mphwayi anthu ambiri akwathu. Inde, mumawerengedwa. Gawo 9 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa, a mu 1996, limanena kuti munthu aliyense ndi wofanana pamaso pa lamulo, ndipo ulumali unatchulidwa mwachindunji pakati pa zifukwa zimene boma kapena munthu wamba saloledwa kusalira mnzake. Mawu amene analembedwa pamenepo ndi akuti aliyense, osati nzika zokha. Pali zinthu ziwiri zimene obwera ambiri sapeza, ndipo ndi bwino ndikuuzeni poyera kuti musavutike nazo. Ndalama za mwezi ndi mwezi za aulumali zimene amapereka a SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira ovutika, ndi za nzika, za amene anapatsidwa chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ndi za othawa kwawo ovomerezeka. Komanso ndondomeko yokondera aulumali polemba ntchito inapangidwira nzika. Koma kusapatsidwa thandizo la ndalama ndi nkhani ina, kuchotsedwa ntchito chifukwa cha njinga ndi nkhani inanso, ndipo pa yachiwiriyi lamulo lili kumbali yanu.

Funso loyamba ndi limene lili ndi yankho losakoma kwenikweni. Ofesi imodzi yoyang'anira zonse za aulumali, yokhala ndi anthu oyendera nyumba ndi makampani kuti aone amene akuphwanya lamulo, kuno kulibe. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la maufulu a anthu aulumali mu 2007, Malawi n'kudzavomereza mu 2009, koma pamene kwathu tinakhala ndi lamulo lapadera la aulumali mu 2012, limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, kuno chitetezo chinamwazikana m'malamulo osiyanasiyana. Chikalata chimene nduna za boma zinavomereza mu 2015 chofotokoza maufulu a aulumali ndi ndondomeko chabe, ndipo simungamangitse nacho munthu. Zotsatira zake n'zakuti lamulo limagona mpaka wina atalidzutsa ndi dandaulo, ndipo dandaulolo liyenera kukagogoda pakhomo loyenera, nthawi isanathe.

Nkhani ya ntchito ndiyo yachangu, ndipo ndikupemphani kuti muiike patsogolo pa zonse. Mawu akuti "khalani kaye kunyumba, tidzakuitanani" ndi msampha umene ndauona kangapo pakati pa anthu athu, chifukwa munthu amadikira mwaulemu monga tinaleredwera, osadziwa kuti masiku akuwerengedwa. Malinga ndi lamulo la za ntchito la Labour Relations Act la 1995, dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a za ntchito, pasanathe masiku 30 chichotsedwereni. Wochedwa amayenera kupempha kuti amukhululukire kuchedwako ndi kupereka zifukwa zomveka, ndipo sikuti nthawi zonse amavomera. Abwanawo adzanena kuti sanachotse munthu, koma inu musadalire zimenezo. Werengani masiku kuyambira tsiku limene bambo anabwezedwa pakhomo, ndiye kuti mwatsala ndi masiku osakwana khumi. Ngati nkhaniyo itengedwa ngati ya tsankho pantchito popanda kuchotsedwa, Employment Equity Act ya 1998 imapereka miyezi 6, komabe n'kwanzeru kuthamangira malire afupiwo.

Chimene lamulo limafuna kwa olemba ntchito si chifundo ayi, koma kusintha zinthu mwanzeru kuti wogwira ntchito waulumali apitirize ntchito yake. Munthu wolemba katundu amagwira ntchito ndi mutu, manja ndi kompyuta, ndipo zonsezi bambo akadali nazo. Kutsitsa tebulo ndi kompyuta kuchoka pamwamba kubwera pansi, kusintha maola, kapena kupatsa wina kachigawo ka ntchito kofuna kukwera, ndi zinthu zimene abwana amayenera kuziganizira pokambirana ndi mwini wakeyo asanafike poti palibe chimene angachite. Akhoza kukana pokhapokha ataonetsa kuti kusinthako kungaike kampani pamavuto aakulu osapiririka, ndipo kunyamula desiki si vuto la mtundu umenewo. Mu 2007 khothi la za ntchito linagamula motsutsa Standard Bank pamlandu wa mayi wina amene anavulala msana pangozi ya galimoto n'kuchotsedwa ntchito, ndipo chifukwa chachikulu chinali chakuti bankiyo sinayesetse mokwanira kumukonzera kagwiridwe ka ntchito. Kuchotsa munthu chifukwa cha ulumali basi kuli m'gulu la milandu yaikulu, imene chipukuta misozi chake chimatha kufika pa malipiro a miyezi 24.

Mwalemba kuti mapepala a bambo ali bwino, ndiye mulibe choopa. Kwa owerenga ena amene pemiti inatha, ndinene kuti m'chaka cha 2008, pamlandu wa kampani ya Discovery Health, khothi linanena kuti wobwera wopanda pemiti akadali wantchito pamaso pa lamulo ndipo akhoza kudandaula ku CCMA. Chigamulocho sichikonza nkhani yake ndi a Home Affairs, oona za mapepala a obwera, choncho woteroyo ayambe wafunsa loya, monga a Lawyers for Human Rights kapena a Wits Law Clinic.

Tibwere kunyumba. Ku Yeoville, pafupi ndi Berea, ndinakhalapo m'fulati imodzi ndi bambo wina wa ku Nkhotakota amene ankayenda pa njinga, ndipo chikepe chitafa, anyamata awiri ankamunyamula m'masitepe, wina kumapewa wina kumiyendo, mwana wake wamkazi akutsatira pambuyo ndi njinga yopindapinda. Ulendo uliwonse ankawapatsa kangachepe, ndipo ndalama zitayamba kuvuta anangosiya kutsika, ngakhale kutchalitchi. Eni nyumba ankalandira lendi yonse mwezi ndi mwezi. Panthawiyo tonse tinkangoti ndi mmene zilili kuno ku Joni, ndipo ndimachita manyazi kuti palibe mmodzi wa ife amene anadziwa kuti pali kokadandaula.

Malamulo a kamangidwe ka nyumba ali ndi gawo lotchedwa SANS 10400-S, lofotokoza za makomo, zimbudzi ndi njira zotsetsereka zoyendapo njinga, zimene siziyenera kukwera kuposa mita imodzi pa mamita 12 alionse. Woyang'anira zimenezi ndi khonsolo ya mzinda, koma imaziona makamaka povomereza mapulani a nyumba yatsopano kapena yokonzedwanso, moti nyumba zakale za ku Berea ndi Hillbrow zambiri zimadutsa osakhudzidwa. Ndi chifukwa chake pa nkhani yanu ndingaloze makomo ena awiri. Loyamba ndi Rental Housing Tribunal ya chigawo chino cha Gauteng, imene imamva madandaulo a anthu ochita lendi kwaulere, kuphatikizapo a eni nyumba osakonza zowonongeka. Lachiwiri ndi khothi loona za tsankho, lotchedwa Equality Court, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000 loletsa tsankho ndipo limapezeka m'makhothi a majisitireti. Gawo 9 la lamulo limenelo limati kulephera kuchotsa zotchinga zimene zikulepheretsa waulumali kupeza mwayi wofanana ndi ena ndi tsankho. Kumeneko simulipira, simufunika loya, kalaliki wa khothi amakuthandizani kulemba fomu, ndipo mukangoonetsa kuti tsankho likuoneka kuti linachitika, mtolo umagwera winayo kuti atsimikize kuti sanalakwe. Khothi likhoza kulamula chipukuta misozi, kupepesa, kapena kuti chotchingacho chichotsedwe. Dziwani kuti nkhani ya ntchito ija siipita kukhothi limeneli, chifukwa ili ndi njira yakeyake.

Kuti muone kuti khomo limeneli limatsegukadi, loya wina woyenda pa njinga, Esthé Muller, atatopa ndi kunyamulidwa m'masitepe a makhothi, anasumira maunduna awiri a boma mothandizidwa ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission, ndipo mu 2004 boma linavomera kuti linamusala n'kulonjeza kukonza nyumba za makhothi. Bungwe lomweli mukhoza kulilembera inunso kwaulere, ngakhale kuti m'kuona kwanga limayenda pang'onopang'ono, ndipo silingalowe m'malo mwa CCMA pa nkhani imene ili ndi malire a masiku.

Mawa lomwe bambo alembere abwana awo uthenga wachidule, pa imelo kapena pa WhatsApp, wonena kuti ndi okonzeka kugwira ntchito, akupempha kuti tebulo lawo litsitsidwe pansi, ndipo akufuna yankho lolembedwa lonena ngati akadali pantchito. Musadikire yankholo kuti mupite ku CCMA. Tengani pasipoti, pemiti, mapepala a malipiro, kontirakiti ngati ilipo, ndi kalata ya dokotala yonena ntchito zimene bambo angathe kugwira, ndipo mukapemphe fomu 7.11. Fomuyo imafunika kuperekedwanso kwa abwana, ndipo umboni woti ailandira muusunge. Za chikepe, yambani kulemba m'kope tsiku lililonse limene sichikuyenda, jambulani zithunzi, ndipo madandaulo onse kwa eni nyumba azipita molemba, koma lendi musasiye kulipira, kuopa kuwapatsa chifukwa chokutulutsirani.