Kodi kankhalango ka m'tauni kali ndi mbalame zoti munthu n'kukaonera?

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mwafunsa ngati kankhalango kakang'ono kamene kali pafupi ndi kwanu pa boma la Kasungu kangakhale malo oyenera kuyambirapo kuonera mbalame, kapena ngati muyenera kudikira mpaka mutapeza ndalama zopitira ku Kasungu National Park, ndipo mwatinso mulibe magalasi oonera patali. Ena akuyankhani kale kuti m'tauni mulibe china koma akhwangwala ndi mpheta. Ine ndikupempha kusiyana nawo maganizo mwaulemu, chifukwa zambiri zimene ndikudziwa za mbalame ndinaziphunzirira pa kamalo ka mitengo kosaposa bwalo la mpira, kamene ndinkakayendera m'mawa ndisanapite ku ntchito.

Paki yathu ndi yaikulu ndithu. Inakhazikitsidwa mu 1970, kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 2,000, ndipo amene anagonapo pa Lifupa, malo ogona alendo a m'pakimo, amadziwa kukoma kwa kulira kwa nkhwazi m'mbali mwa damu la pamenepo. Komabe munthu amene akungoyamba kumene akapita kumeneko kamodzi pa chaka, amabwerako ataona zambiri koma atagwira zochepa, popeza mbalame imene yangodutsa kamodzi m'maso siikhazikika m'mutu. Kankhalango ka pafupi mukhoza kukayendera katatu pa sabata popanda kulipira kabaza, ndipo pakatha miyezi iwiri mudzakhala mukudziwa mtengo umene pumbwa amakonda, nthambi imene mnthengu amatera, ndi chitsamba chimene mwiyo amabisalamo. Mukazolowera eni malowo, mlendo aliyense wamapiko akabwera mudzamuzindikira msanga. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo palibe amene anaiphunzira yonse pa ulendo umodzi.

Choyamba kuyang'ana si mbalame ayi, koma mitengo. Ngati m'kankhalangomo muli bulugamu ndi malaina okhaokha, pansi pake posesedwa kapena potenthedwa chaka ndi chaka, musayembekezere zambiri. Koma ngati muli mkuyu kapena kachere ngakhale umodzi wokha, mwapeza chuma, chifukwa nkhuyu zikapsa apumbwa ndi mbalame zina zodya zipatso zimasonkhana pamenepo kuyambira m'bandakucha, ndipo tizilombo tobwera ku zipatso zogwa timaitananso mbalame zodya tizilombo. Muwale ukachita maluwa ake ofiira m'chilimwe, masamba asanaphuke, umakoka choso, kambalame ka mlomo wautali wopindika kamene kamayamwa timadzi ta m'maluwa. Mtengo wouma umene ambiri amauona ngati nkhuni zongodikira nkhwangwa ndiye nyumba ya gogomole, ndipo mphako imene iye wasiya imadzakhala chisa cha mbalame zina zimene sizitha kuboola zokha. Zitsamba zowirira ndi masamba owolerana pansi n'zofunikanso kwambiri, chifukwa m'menemo ndi mmene mumakhala kambalame kena ka pachifuwa pofiirira ndi mzere woyera pamwamba pa diso, kamene kamayamba kuimba motsitsa kunja kusanache n'kumakweza mawu pang'onopang'ono mpaka nkhalango yonse itadzaza.

Nthawi yabwino ndi maola awiri oyambirira dzuwa likangotuluka. Mu Okutobala izi zikutanthauza kufika pamalopo 5:30 isanakwane, pamene mu Juni mukhoza kufika cha m'ma 6 koloko. Masana dzuwa likaswa mtengo mbalame zambiri zimangoti zii pamthunzi. Mukafika musayendeyende, sankhani malo amodzi, dzuwa likhale kumsana kwanu kuti mitundu ya nthenga ioneke bwino, ndipo mukhale chete kwa mphindi makumi awiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya mbalame mawuwa ndi oona kwenikweni, chifukwa zimene zinathawa pofika inu zimabwerera zikaona kuti simukugwedezeka.

Za magalasi zisakudetseni nkhawa. M'malo owirira khutu limagwira ntchito kuposa diso, ndipo ambiri a ife tinakula tikudziwa kulira kwa njiwa, nkhwali ndi kadzidzi popanda chipangizo chilichonse. Tengani kope ndi cholembera, ndipo mbalame iliyonse yachilendo muilembe kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, pumbwa kapena njiwa, maonekedwe a mlomo ndi mchira, pamene inatera ndi chimene inkachita. Foni yanu ikhoza kujambula kulira kwake, ndipo pulogalamu yaulere ya Merlin Bird ID, imene inapangidwa ndi a Cornell Lab of Ornithology ku America, ili ndi zithunzi ndi mawu a mbalame zoti mufananizire. Tsiku limene mudzafune kugula magalasi, funani olembedwa 8x42, kutanthauza kuti amakuza chinthu kasanu n'katatu ndipo galasi lakutsogolo ndi la mamilimita 42. Amenewa amalowetsa kuwala kokwanira pansi pa mitengo. Okuza kwambiri kuposa pamenepo amanjenjemera m'manja ndipo kambalame kothamanga kamakusowani musanakapeze.

Chimene chimandikoka mtima koposa pa malo aang'ono ndi kusintha kwa nyengo, kumene munthu woyendera malo amodzimodzi yekha ndi amene amakuona. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mbalame za mitundu yosiyana zimayenda pamodzi m'kagulu posaka tizilombo, moti mukhoza kukhala theka la ola osaona kanthu, kenako mwadzidzidzi mtengo umodzi n'kudzaza, mnthengu ali pakati ndi mchira wake wamphanda. Mnthenguyo mumuonetsetse bwino, popeza amatha kutsanzira kulira kwa mbalame zina ndipo saopa kuthamangitsa khwangwala ngakhale kabawi. Kukayamba kutentha, cha mu Seputembala ndi Okutobala, kumabwera kambalame kofiirira kamene kakamuna kake kali ndi mchira wautali ngati riboni, ndipo kamamanga kachisa konga kapu pa mphanda ya nthambi, nthawi zina pafupi penipeni ndi njira ya anthu. Mvula ikayandikira amafika anamzeze ena amene amaswa ku Ulaya ndi ku Asia, n'kukhala nafe mpaka cha mu Epulo. Munthu ukaganiza kuti kanthu kolemera magalamu osaposa 25 kawoloka chipululu cha Sahara kudzatera pa waya wa magetsi pa Kasungu, sungakayang'anenso ngati kale. Mukafuna za m'madzi, monga kakowa ndi nantchengwa, pitani cha ku damu la Chitete tsiku lina, koma kankhalango kanu musakasiye.

Pali zina zokhudza anthu zimene ndiyenera kukuchenjezani. Munthu woima phee m'tchire m'mamawa akuyang'ana m'mwamba amadabwitsa, ndipo ena akhoza kukuganizirani zolakwika, choncho yambani mwapereka moni kwa mlonda kapena mwini malo ndi kufotokoza chimene mwadzera. Popeza ndinu mayi, ndi bwino kupita ndi mnzanu masiku oyamba. Ndiponso mudziwe kuti mitengo yachilengedwe yambiri imene yatsala m'dera lathu ili kumanda, ndipo ena mwa malo amenewo ndi dambwe. Kumeneko musalowe popanda chilolezo cha mfumu, ngakhale mbalame italira mokoma bwanji. Ana a malegeni mudzakumana nawo ndithu. Ine ndinaona kuti kuwakalipira sikuthandiza, koma kuwafunsa mayina a mbalame ndi pamene pali zisa kumawasandutsa aphunzitsi anu, chifukwa maso awo ndi akuthwa kuposa athu, ndipo ena mwa iwo amayamba kunyadira chisa chimene akuchisunga.

Kamalo kanga kaja kanali ndi mkuyu waukulu pakati. Chaka china ndinachokapo milungu itatu, ndipo pobwerera ndinapeza chitsa chokha, mtengowo ataudula kuti akaotchere njerwa. Mbalame zodya zipatso zinachoka mwezi womwewo, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinalibe cholembedwa chilichonse choti ndikaonetse eni malowo kuti aone chimene chinkakhala mumtengomo. Kuyambira pamenepo ndimalemba tsiku, nthawi ndi mbalame zonse zimene ndaona, ndipo inunso ndikukupemphani kuti muyambe kutero pa ulendo wanu woyamba. Mukapita Loweruka likubwerali, mudzatiuze kuno mitengo imene ili m'kankhalango kanuko, ngati muli madzi pafupi, ndi mbalame zitatu zoyamba zimene mwaziona kapena kuzimva, kuti tithandizane kuzitchula mayina.